Matayala a Mlamba Sanama

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inathawa anthu. Inasiya mabwato ali gada pa dothi long'ambika, moti munthu ukaima pa doko la Kachulu unkangoona chigwa chotuwa mpaka kufupi ndi chilumba cha Chisi. Asodzi ankadandaula. Elenala yekha, ngakhale sakanayerekeza kuuza munthu, ankathokoza chamumtima, chifukwa pa dothi louma lomwelo ndi pamene sukulu ina ya madalaivala ya ku Zomba inadzayala njira yake.

Anandandalika miyala yopaka laimu uku ndi uku, njirayo n'kuikhotetsa ngati njoka, kumapeto n'kusiya kampata kolowamo chambuyo. Loweruka atsikana a m'dera la Kuntumanji anayenera kudzayendetsa galimoto m'menemo, ndipo ochita bwino akanatengedwa kukaphunzira ulere mpaka kupeza laisensi. Malamulo anali awiri okha. Galimoto imodzi, mtsikana mmodzi. Ndipo tsikulo lisanafike, tayala lisaponde m'njiramo; wofuna kuidziwa ayende wapansi.

Elenala anali atangomaliza Fomu 4. Anali mtsikana uja woti aphunzitsi akafunsa funso, yankho ankalidziwa koma linkathera pakhosi. Malo okhawo amene manyazi ankamuchokera anali pa chiwongolero cha Mlamba, galimoto ya Lyson, chibwenzi chake. Kanali kagalimoto kakale konunkha matemba, ndipo anyamata anakapatsa dzinalo chifukwa kankatuluka m'matope mmene zinzake zinkatitimira. Lyson anayamba kumuphunzitsa pa bwalo la mpira nthawi yokolola mpunga. Poti Elenala anali wamfupi, anadzisokera katsamiro ka mankhusu a mpunga koika kumsana kuti mwendo uzifika pa kilatchi. Katsamiroko kankakhala m'galimoto momwemo.

"Mpando uwu ndi wako, Ele," Lyson ankatero. "Ine ndimangokusungira."

Mawu amenewo Elenala ankawabwereza yekha kumjigo. Munthu wamanyazi mawu ochepa amawasunga ngati mbewu.

Sabata yapitayo anaikonza limodzi galimotoyo. Anathira madzi mu radiyeta, anayeza oyilo, Elenala n'kumaponda buleki Lyson ali chagada pansi pake kumvetsera. Anatulutsa madengu a nsomba, zingwe ndi mabotolo, poti botolo likagubudukira pansi pa buleki uli pakona, zako zada. Tayala lakumbuyo chakumanzere linali litasalala ngati dazi, ndiye anapita ku Zomba kukagula la kaunjika. Analisankha Elenala, chifukwa mizere yake inali ngati mano a macheka, yosiyana ndi ya matayala enawo.

*

Lachinayi m'mawa amalume ake, a Wilisoni, amene anali mwini mbumba, anamupeza pakhonde akusita thalauza lobwereka.

"Ichi n'chiyani?"

"Thalauza, amalume."

"Ndaona kuti si bulangete. Ndikufunsa kuti ulowamo ndi mwendo wa ndani."

Elenala anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi. "Chitenje chimakola pa kilatchi, amalume. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kugunda mtengo wa pagolo."

A Wilisoni anakhala pa benchi, napukusa mutu. Anayesa kukwiya koma pakamwa panawakanira.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Thalauzalo vala. Koma dziwa chimene chandiloletsa zonsezi. Mnyamata uja anakhala pomwe ndakhala panopa, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti Loweruka likadutsa atumiza amalume ake kudzagogoda pakhomo pano. Ine ndauza kale anthu. Ndibwera kudzaonerera, ndi jekete langa la kutchalitchi."

"Zikomo, amalume."

"Usathokoze msanga. Amayi ake aja, a Esinati, sandisangalatsa. Pamaliro a dzana anandidutsa ngati chitsa. Akuti ife ndi obwera, ngati kuti agogo athu anatsika minibasi dzulo kuchokera ku Mozambiki. Chimene akuopa ndikuchidziwa: mwana wamwamuna ali naye mmodzi, akadzamanga nyumba kuno, mpunga wawo alima ndani?"

Atachoka, Elenala anatenga foni. Lyson anali asanaoneke chiyambire Lamulungu.

"Mlamba ali bwanji? Ndimafuna tiyesekonso kubwerera chambuyo, kamodzi kokha," analemba.

Yankho linachedwa. "Akadali kugalaja ku Zomba, bebi. Mabuleki akuvuta. Ndibwera naye Loweruka m'mawa, usadandaule."

"Nanga iweyo uli kuti?"

"Kwa msuweni ku Chinamwali. Ndakusowa."

Mawu omalizawo anawawerenga kangapo, nabisa foni m'thumba ngati wina angamubere.

*

Lachisanu Elenala anapita kukayenda njirayo wapansi, monga mmene lamulo linkanenera. Lyson yemweyo ndi amene anamukaniza kulowamo ndi galimoto. "Akationa akuchotsa mumpikisano, Ele. Tisaononge zinthu ndi phuma."

Pa doko anakumana ndi Alli, mnyamata woyendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Kachulu ndi Zomba. Alli anali atamufunsirapo kawiri, Elenala n'kumukana osamuyang'ana n'komwe kumaso.

"A dalaivala! Lero wapansi? Mlamba wamira?"

"Ali kugalaja."

"Kugalaja?" Alli anamuyang'ana pang'ono, kenako anayamba kupukuta galasi limene linali loyera kale. "Chabwino. Yangayi ilibe mtsikana mawa. Ingokhala pamthunzi ngati mbeta."

"Ikhale," anatero Elenala, nadutsa.

Dzuwa linkaswa mtengo. Anayenda pakati pa miyala yoyerayo akudziyankhulira: apa ndichotsa mwendo pa mafuta, apa giya yachiwiri, apa maso patsogolo osati pa boneti. Atafika pakona yoyamba anaona kuti miyala ina yasuntha, ndipo wina anaibwezera mwachangu, mbali yopanda laimu ili pamwamba. M'fumbi munali mizere ya matayala.

Poyamba anangoseka. Wina waba njira, anaganiza. Ndipo wakubayo anali wophunzira kumene, chifukwa galimoto inkakhota mochedwa, n'kukalumpha miyala, n'kubwerera, n'kudzalakwitsanso pomwepo.

Chakumapeto, pa kampata kolowa chambuyo paja, dothi linali likadali lofewa, ndipo linasunga chilichonse. Elenala anawerama. Matayala atatu anasiya mizere yowongoka. Lachinayi, lakumbuyo chakumanzere, linasiya mano a macheka.

Anagwada, nakhudza mizereyo ndi chala.

Anayesa kudzinamiza kuti matayala otere ndi ambiri. Koma pambali pake panali mapazi a anthu awiri amene ankasinthana mpando, wina kutsika uku, wina kuzungulira uko. Ena anali a nkhwaira za Lyson zodyeka kuchidendene. Ena anali a nsapato zowonda, zazitali. Ndipo pamalo amodzi, kumbuyo kwa galimoto, mapaziwo anaima moyang'anizana, zala kukhudzana ndi zala. Pamenepo dothi linalowa kwambiri. Anthuwo anaimapo nthawi.

Elenala sanalire. Anaika phazi lake pambali pa phazi lowondalo. Lake linali lalifupi.

*

Kwawo kwa Lyson sikunali kutali ndi doko. Sanafunike kufunsa munthu. Mlamba anali kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, atafunditsidwa mikeka, koma tayala la mano a macheka linkasuzumira pansi.

Mayi Esinati ankapeta mpunga pabwalo. Pambali pawo panakhala Sharon, mwana wa mnzawo wa ku Mvano wa nyumba yoyandikana nayo, mtsikana wamtali ngati nsungwi, atapinda miyendo, nsapato zowonda zili mbee ndi fumbi la kunyanja.

Elenala anagwada patali. "Odi, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Taswera." Lichero silinaime. "Ukufuna ndani?"

"Lyson, amayi."

"Lyson ndi mnzako wa kusukulu? Kwanu amuna mumawatchula maina ngati agalu?"

Sharon anaseka chapansipansi. Nthawi yomweyo Lyson anatulukira kuseri, m'manja muli chigubu cha madzi. Atamuona Elenala chigubucho chinamupulumuka.

"Ele... ndangofika kumene."

"Ku Chinamwali kuli fumbi loyera?" Mawu a Elenala anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

Lyson anamukokera kuseri, pafupi ndi galimoto. Elenala anakankha mkeka, nasuzumira pawindo. Mpando wa dalaivala unali utabwezedwa m'mbuyo mpaka kumapeto. Galasi lapakati linali litakwezedwa. Katsamiro kake panalibe.

"Kali kuti?"

"Chiyani?"

"Lyson, kali kuti?"

Lyson anatsekula buti. Katsamiroko kanali pansi pa jeke, kali bii ndi girizi, mbali imodzi katang'ambika, mankhusu akutayika.

"Kankamusowetsa mtendere kumsana," anatero Lyson, kenako anazindikira chimene wanena, naluma mlomo.

Elenala anakatenga, nakafungatira pachifuwa. Girizi anadetsa bulauzi yake koma sanasamale.

"Ndimve kaye, Ele. Amayi analira. Anati ngati ndine mwana wawo ndimuphunzitseko Sharon, pang'ono pokha. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndimangomuphunzitsa basi."

"M'njira muja? Mmene unandikaniza ine?"

"Iweyo umatha kale. Iye sadziwa kanthu, amayenera kuiona njirayo."

"Ndiye mawa ayendetsa."

Lyson anakanda kumutu. "Dzina lake amayi anakalipereka okha. Ine sindinavomere. Ndikonza, ndikulumbira. Ndiyankhula nawo madzulo ano."

"Galimoto imodzi, mtsikana mmodzi, Lyson."

"Ndikudziwa."

"Nanga kumbuyo kwa galimoto kuja unkamuphunzitsa chiyani? Kumene munaima zala kukhudzana? Giya yanji imeneyo?"

 Lyson ankaganiza kuti nyanja youma ilibe maso.

Sharon anafika akudzikokakoka, nayedzamira boneti ngati ndi yake. "Achimwene a Lyson, amayi akuti muthire madzi aja, injini isadzatitenthere mawa." Kenako anatembenukira kwa Elenala. "Pepa chemwali, kapilo kako. Ndimayesa n'kopukutira oyilo. Komanso galimoto si ya anthu ofuna kuwaikira mpando wa mwana."

Elenala anafuna kuyankha. Mawu anabwera ambiri nthawi imodzi, n'kutsekana pakhosi monga ankachitira m'kalasi. Anangoyang'ana Lyson, kudikira kuti anene kanthu, ngakhale liwu limodzi lokha.

Lyson anatola chigubu chija.

"Ndibwera kudzakutenga m'mawa, Ele," anatero chonong'ona, maso ali pa chigubu. "Undidikire pamsewu. Mpando ndi wako."

Pochoka Elenala anamva Mayi Esinati akuuza lichero lawo mokweza: "Mwana wanga sakadya kalongonda wa anthu obwera kuchikamwini ine ndili moyo."

*

Kunyumba sanauze munthu. Akanayamba bwanji, amalume ali pakhonde kupukuta nsapato za mawa, akuimba nyimbo ya kwaya? Analowa m'nyumba, nachapa katsamiro kaja, nawonjezeramo mankhusu, nasoka pong'ambikapo. Girizi sanachoke yense.

Choipa n'chakuti mbali ina ya mtima wake inkamukhulupirirabe Lyson. Zimenezi n'zochititsa manyazi kuzinena, koma ndi mmene zinalili. Inkamuuza kuti mwina ayankhula nawodi amayi akewo, mwina mapazi aja anaima pafupi chifukwa ankaona tayala.

Dzuwa lisanalowe uthenga wa Lyson unalowa. "Zonse zili bwino. Udye pang'ono m'mawa, umwe madzi ambiri, uvale nsapato zotseka. Ndimakukonda."

Elenala analemba kuti "Sharon wamuuza?" Anafufuta. Analemba kuti "Chabwino." Anatumiza.

*

Loweruka anadzuka m'mamawa, navala thalauza lija ndi nsapato zake zakusukulu, namanga tsitsi kuti lisagwere m'maso. Anamwa phala pang'ono. Anaima pamsewu, katsamiro kali kukhwapa.

Panadutsa njinga za kabaza. Panadutsa amayi a madengu opanda nsomba, akumuyang'ana miyendo n'kumagwirana. Panadutsa minibasi ya ku Zomba. Mlamba osaoneka. Anaimba foni, inangoitana. Anaimbanso, inali yozimitsa.

A Wilisoni anatulukira ali mu jekete, thukuta lili kale pamphumi. "Mkamwini wathu uja wagonereza?"

"Mwina watsogola, amalume."

A Wilisoni anamuyang'anitsitsa. "Tiye. Miyendo ilipo."

Kunyanja kunali anthu ngati tsiku la msika. Asodzi opanda chochita anakhala pa mabwato ogadabuzika. Galimoto zinaima pamzere, iliyonse mtsikana wake ali pambali, ena akupemphera, ena akuseka mopitiriza muyeso. Mayi wina wa kusukulu ya madalaivala, wovala chipewa chachikulu, ankayendera galimoto iliyonse, kugwedeza lamba, kuponda buleki, kusuzumira pansi pa mipando.

Kenako fumbi linadzuka chakumudzi. Mlamba ankabwera akudumphadumpha ngati mwana wa mbuzi, injini ikulira mopempha giya ina. Anthu anaseka. Elenala sanaseke, chifukwa ankadziwa kuti Lyson sayendetsa choncho.

Pa chiwongolero panali Sharon. Pambali pake panakhala Mayi Esinati, atavala duku latsopano. Lyson anali kumbuyo, pamalo a madengu a nsomba, mutu uli pansi.

"Elenala," anatero a Wilisoni pang'onopang'ono, "amene ndikumuona kumbuyoyo ndi yemwe uja anagwira chipewa pakhomo panga?"

"Eya, amalume."

"Unkadziwa?"

"Kuyambira dzulo."

A Wilisoni anavula jekete lija, nalipinda, naliika pamkono. Kwa Elenala zimenezo zinawawa kuposa akanamukalipira.

Mayi wa chipewa uja anayamba kuitana maina. Mtsikana woyamba anagunda miyala pakona, wachiwiri galimoto inamuzimira pakati. Kenako anaitana:

"Elenala! Elenala ali kuti?"

Elenala anatuluka pagulu.

"Galimoto yako ndi iti, mwanawe?"

Elenala anayang'ana kwa Mlamba. Lyson anali atatsika, ndipo anaponya phazi limodzi kutsogolo. Mayi Esinati anamugwira malaya kumbuyo, osati mwamphamvu, ndi zala ziwiri zokha. Lyson anaima.

"Galimoto imeneyo yalowa kale ndi Sharon," anatero mayi wa chipewa. "Ngati ulibe ina, pepa, tiitana wotsatira. Chaka chamawa nyanja ikadzadza sindikudziwa ngati tidzabwerenso."

Apo n'kuti anthu atayamba kunong'onezana. Elenala anamva dzina la amalume ake likuyenda pakamwa pa anthu. Akanatha kungonena mawu ochepa, kuti pitani mukaone mano a macheka pa kampata paja, Mlamba ndi Sharon akanachotsedwa pomwepo. Mawuwo anafika pa lilime. Anayang'ana Lyson, amene anamuphunzitsa kugwira chiwongolero manja ake ali pamwamba pa ake, ndipo anawameza.

Chinachake chinalira ngwerengwere pafupi ndi khutu lake. Anali makiyi.

"Mbeta yanga ija ikadali pamthunzi," anatero Alli. Ulendo uno sankaseka. "Madzi ndathira, mabotolo ndachotsa. Iyi ndi ya magiya, kilatchi yake imagwira pamwamba, usaithamangire."

 Pa Kachulu panalibe amene sankadziwa kuti Alli anakanidwa kawiri, ndipo panalibe amene akanakhulupirira kuti mtsikana angalandire makiyi a mnyamata pamaso pa amalume ake n'kumati ndi galimoto chabe.

"Ele!" Lyson anakuwa, mawu akusweka. "Ele, usatenge! Ndifotokoza!"

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Wilisoni chapansipansi, "uyu ndi wa kumzikiti. Ukalowa m'menemo, madzulo ano ine ndi iwe tili ndi nkhani yaitali, ndipo amayi ako sagona."

"Ndamva, amalume."

"Nanga?"

Elenala anayang'ana miyala yoyera ija ikukhota padzuwa. Kona iliyonse ankaidziwa ndi mapazi ake. Anatambasula dzanja, ndipo makiyi anali otentha.

Anatsekula chitseko cha Sienta, nakokera mpando kutsogolo mpaka unalira kha. Kenako anatenga katsamiro kaja, banga la girizi lili poyera, nakaika kumsana. Pagalasi anaona Lyson akuthamanga, malaya atang'ambika pomwe anagwira amayi ake.

Elenala analikonza galasilo kuti lionetse njira yokha, naliza injini.